Kilachi yolimba ndi flywheel yopepuka mu Subaru WRX: mavuto amene amabwera pambuyo pake ndi kakonzedwe kake

Nkhani yake imayamba chimodzimodzi. Mwini Subaru Impreza WRX wakweza boost (mphamvu ya mpweya umene turbo imakankhira mu injini), wasintha ekizozi, injini yayamba kukoka kuposa kale, ndiye kilachi yobwera ndi galimoto yayamba kuterereka. Amagula kilachi yolimba, n'kuwonjezerapo flywheel yopepuka (flywheel ndi gudumu lachitsulo lakumbuyo kwa injini limene kilachi imagwirapo) poti giyabokosi yatsika kale. Mwezi usanathe galimoto yabwerera kugalaja: ikunjenjemera ponyamuka, giya yoyamba ikukana kulowa, kapena pansi pakumveka ngati mwaika timiyala m'chitini. Ena amatsitsa giyabokosi katatu chifukwa cha vuto limodzi lomwelo, pomwe vutolo linali kunja, pamalo ofikika ndi sipanala.

Kilachi, flywheel ndi giyabokosi za kufakitale zinapangidwa kuti zizipirirana. Kilachi puleti ili ndi masipuling'i pakati omwe amameza kugunda kwa injini, flywheel yolemera imasalaza kazunguliridwe ka crankshaft (shafuti yaikulu ya injini), ndipo kilachi ikapanikizidwa kwambiri imaterereka m'malo mothyola kanthu. Mukalimbitsa chimodzi, mphamvu imene chinkameza sipita kutchire, imangosamukira pa chitsulo chotsatira. Galimoto iyi imakoka ndi matayala onse anayi, sapalasa msanga, choncho chotsatiracho ndi mano a magiya.

Dziwani kaye giyabokosi imene muli nayo

Pamwamba pa giyabokosi, pafupi ndi sitata, pali kachikwangwani ka nambala. Za magiya 5 zimayamba ndi TY75, monga TY752 kapena TY754. Ya magiya 6 ya STi (mtundu wamphamvu kwambiri wa WRX), yomwe inayamba kutuluka mu 2000, imayamba ndi TY856. Lembani nambala yonseyo musanagule chilichonse. Galimoto zambiri zomwe zimalowa kuno zimachokera ku Japan, pomwe zida zambiri zogulitsidwa pa intaneti zimalembedwa motsata galimoto za ku America kapena ku Ulaya, ndipo chaka chofanana sichitanthauza zida zofanana. Komanso galimoto ya zaka makumi awiri ikhoza kukhala kuti inasinthidwapo kale giyabokosi.

Pali mitundu iwiri ya kilachi pano, ndipo sizilowana. Ina imamasuka release bearing (bearing yomasula kilachi) ikakankha zala za pulesha puleti, chivundikiro chimene chimapanikiza kilachi puleti ku flywheel. Ina imamasuka bearing ikazikoka. Ma WRX ambiri a 2001 mpaka 2005 ndi STi ya magiya 6 ali ndi yokoka. Ma Impreza opanda turbo ndi ma WRX ambiri a magiya 5 kuyambira 2006 ali ndi yokankha. Kuti mutsimikize, wina aponde pedulo inu mukuyang'ana mutu wa foloko (chitsulo chimene chimayendetsa bearing) pamwamba pa giyabokosi: ukapita cha ku injini, ndi yokoka, ukapita cha kumbuyo, ndi yokankha. Kukula kwakenso kumasiyana, 230 mm pa WRX yokoka, 240 mm pa STi, ndipo iliyonse imafuna flywheel yakeyake.

Yokokayi ndiyo imasokoneza amakanika ambiri osaizolowera. Bearing yake imamangirira mu pulesha puleti ndi kamphete, kotero giyabokosi siingalekane ndi injini foloko isanamasulidwe. Chotsani sitata, masulani pulagi ya allen key ya 10 mm, lowetsani bawuti wa 6 mm mu shafuti ya foloko n'kuisolola, kenaka kwezani foloko. Wokakamiza ndi zitsulo amapinda kampheteko, ndipo tsiku lina bearing idzavuka muli pa msewu. Pobwezera, ikani bearing ndi foloko pa giyabokosi, mangani giyabokosi ku injini, kenaka kankhirani mutu wa foloko cha kumbuyo mwamphamvu mpaka mumve kuti kho! Musanamve phokosolo musabwezere china chilichonse. Pedulo imene imagwa pansi osabwerera mukangomaliza ntchito, nthawi zambiri ndi bearing yomwe sinakole.

Giya ikukana kulowa, rivesi ikukukuta

Apa m'pamene ndalama zambiri zimatayika, chifukwa anthu amathamangira kunena kuti giyabokosi yatha. Yesani motere. Injini itazima, lowetsani magiya onse. Ngati akulowa bwinobwino, lizani injini, pondani pedulo mpaka pansi, dikirani masekondi 5, lowetsani giya yoyamba ndi rivesi. Akalimba tsopano, kilachi sikumasuka yonse. Njira ina: pamalo athyathyathya opanda kanthu kutsogolo, giya yoyamba, pedulo pansi, buleki yamanja yomasula, kwezani injini kufika cha m'ma 5,000 rpm. Galimoto ikasuntha ngakhale pang'ono, kilachi ikugwirabe. Koma ngati ndi giya imodzi yokha imene imakukuta, ndipo imatero posintha mothamanga basi, imeneyo ndi synchro (kamphete kolinganiza liwiro kuti giya ilowe) ya giya imeneyo.

Pulesha puleti yolimba imafuna mphamvu zambiri kuti imasuke, ndiye chilichonse chofowoka pakati pa phazi lanu ndi bearing chimayamba kugonja. Yambani ndi zotsika mtengo.

Mpweya mu paipi ndiye woyamba. Mafuta ake ndi a mabuleki, DOT 3 kapena DOT 4, ndipo akhale a m'botolo longotsegula kumene. Mpweya umakonda kubisala m'kati mwa slave cylinder, silinda yaing'ono imene imakankha foloko. Imasuleni pa giyabokosi osachotsa paipi, ipendeketseni kuti nipo yotulutsira mpweya ikhale pamwamba penipeni, tsegulani nipo, kankhirani pisitoni m'kati ndi dzanja mpaka kumapeto, tsekani nipo musanaisiye. Bwerezani katatu kapena kanayi mukuonetsetsa kuti kabotolo kapamwamba sikakuuma. Osaponda pedulo slave cylinder ili lende, pisitoni imatuluka.

Chachiwiri ndi paipi ya labala. Yakale imafufuma mukaponda, mafuta amene akanakankha pisitoni n'kuthera kutupitsa labala. Igwireni ndi dzanja wina akuponda. Mukaimva ikutupa, ikani yatsopano, makamaka yolukidwa ndi waya. Master cylinder (pampu ya mafuta imene pedulo imakankha) yotopa imadziwika mosavuta: pondani n'kugwira pansi kwa theka la mphindi muli mu giya yoyamba, ndipo ngati galimoto iyamba kukoka yokha, mafuta akudutsa m'mbali mwa labala za m'kati.

Kenaka kandodo kolumikiza pedulo ndi master cylinder, pansi pa chiwongolero. Kukatalikitsa kumakweza pamene kilachi imagwirira, ndipo nthawi zambiri kumathetsa vutoli. Koma muzizungulitsa theka la mzungulo pa ulendo umodzi, ndipo ulendo uliwonse pitani mukakankhe pisitoni ya slave cylinder ndi dzanja. Iyenera kulowa m'kati pang'onopang'ono. Ikakana, mwapitiriza: mwatseka kabowo kobwezera mafuta m'kabotolo, mafuta akatentha adzasowa kothawira, ndipo kilachi yanu yatsopanoyo idzayamba kuterereka yokha.

Pa Impreza ndi WRX za 2008 mpaka 2014 yang'ananinso chitsulo chimene pedulo yamangidwapo. Zowotcherera zake pa khoma la pakati pa injini ndi dalaivala zimathetheka, ndipo pulesha puleti yolimba imafulumizitsa zimenezi. Chizindikiro chake ndi kulira kwa kwee mukaponda, ndi master cylinder yomwe ikuoneka kusuntha. Kumeneko mankhwala ake ndi kuwotcherera ndi kulimbitsa, kilachi ilibe mlandu.

Zonsezi zikakhala bwino, tsitsani giyabokosi, ndipo mukatsitsa muone izi. Kilachi puleti yoikidwa chagada. Mbali yoyang'ana flywheel imakhala yolembedwa. Puleti yopindika pakati, zomwe zimachitika giyabokosi ikasiyidwa ikulendewera pa shafuti isanamangidwe, kapena ikakokedwa ndi mabawuti mano a shafuti asanalowe. Mano a shafuti adzimbiri, omwe amaletsa puleti kuyenda: atsukeni ndi burashi ya waya, pakani girizi wochepa kwambiri, yendetsani puleti kangapo n'kupukuta wotsala. Pilot bearing (bearing yaing'ono imene nsonga ya shafuti ya giyabokosi imazunguliramo) yogwira. Pa injini za EJ, zomwe zili m'galimotozi, imakhala pakati pa flywheel, ndipo flywheel yatsopano imafuna yatsopano. Pa kilachi yokankha onaninso foloko ngati yang'ambika pamene imatsamira pa kampira kachitsulo, ndi mphuno ya aluminiyamu imene bearing imayendapo. Ikakumbika mizere bearing imakakamira, ndipo pali masilivu achitsulo ogulitsidwa ovekapo.

Kunjenjemera ponyamuka

Funso loyamba ndi lakuti munagula puleti yamtundu wanji. Ya organic yozungulira yonse, ya masipuling'i pakati, imagwira pang'onopang'ono. Ya ceramic ya mapazi 6 kapena 4 imagwira kamodzin'kamodzi, ndipo yopanda masipuling'i imaposa apo. Zimenezi zinapangidwira mpikisano. Pa mzere wa galimoto wa mu Chipembere Highway madzulo, kapena ponyamuka pa chitunda cha msewu wokwera phiri la Zomba, puleti yotere idzanjenjemera ngakhale itaikidwa ndi katswiri wotani. Galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku imafuna organic yolimbitsidwa ndi pulesha puleti yolimbirapo pang'ono, basi.

Ngati puleti ndi yoyenera, funsani za flywheel. Kilachi yatsopano pa flywheel yakale yosapalidwa siikhala bwino, chifukwa nkhope yake ili ndi mawanga abuluu olimba kuposa chitsulo chozungulira. Ipalidwe pa makina opera, osati ndi sandipepa wapamanja, ndipo ya ming'alu yozama itayidwe. Flywheel ndi pulesha puleti zatsopano zimabwera zitapakidwa mafuta oteteza dzimbiri. Atsukidwe ndi brake cleaner mpaka nsalu yoyera izituluka yoyera.

Oyilo ndi mdani wina. Kuseri kwa flywheel ya EJ kuli malo awiri otchuka ndi kudontha: silo yaikulu ya crankshaft, ndi kachivundikiro ka oil separator, kamene pa injini zakale kanali kapulasitiki ndipo pali kachitsulo kolowa m'malo mwake. Silo ya shafuti ya giyabokosi nayonso imadontha, ndipo oyilo wake amadziwika ndi fungo lake loipa. Puleti imene yamwa oyilo siitsukika.

Kamangidwe nako kali ndi gawo. Mabawuti 8 a flywheel pa EJ20 ya WRX amamangidwa pa 72 Nm, modumphadumpha, m'magawo awiri kapena atatu. A pulesha puleti ndi 16 Nm okha, mzungulo umodzi uku, umodzi kutsidya, mpaka chivundikiro chikhale pansi mofanana. Womanga mbali imodzi mpaka kumapeto amapinda chivundikiro. Ngati opanga flywheel apereka mabawuti awoawo ndi nambala yawo, tsatirani yawoyo. Ntchito iyi imafuna torque wrench, kumva ndi dzanja sikukwanira. Onetsetsaninso kuti timisomali tiwiri tolunzanitsa injini ndi giyabokosi tilipo tonse. Nthawi zina kamodzi kamatsalira mu giyabokosi yakale, ndiye shafuti imayenda mopendama, n'kumadya pilot bearing ndi pakati pa puleti.

Musaiwale zogwirira. Mamawunting'i a injini, ya giyabokosi, ndi kachitsulo kapamwamba kogwira injini kuti isagwedere kutsogolo ndi kumbuyo, zikatopa zimasandutsa kanjenjemera kakang'ono kukhala kugwedezeka kwa galimoto yonse. Kilachi yofewa inkazibisa.

Pomaliza, kilachi yatsopano imafuna makilomita pafupifupi 800 oyenda m'tauni, kuima ndi kunyamuka, osaponda mafuta mpaka pansi. Ulendo wa Blantyre kupita ku Mzuzu mu giya yachisanu suwerengedwa, popeza kilachi siinagwire ntchito. Kanjenjemera kochepa m'masiku oyamba kamatha kokha.

Yatsopano, koma ikuterereka

Yeserani pa chitunda, mu giya yachinayi kapena yachisanu, pa 2,500 rpm, pondani mafuta onse. Singano ya injini ikakwera liwiro osakwera, ikuterereka. Ikamatero galimoto ikatentha basi, bwererani ku kandodo ka master cylinder kaja. Ikamatero nthawi zonse, mwina inapsa m'masiku oyamba nkhope yake n'kukhala ngati galasi, kapena yamwa oyilo, kapena ndi yochepa mphamvu.

Kilachi imasankhidwa potengera torque (mphamvu yopotokola, yoyezedwa mu Nm), osati mahatchi (PS). WRX ya ku Japan ya mtundu wa GDA inkatuluka ndi 250 PS ndi 333 Nm. STi yoyamba ya GDB inali ndi 280 PS ndi 373 Nm. Mukakweza boost, torque ya pakatikati ndiyo imakwera kwambiri. Sankhani kilachi yopirira 20 mpaka 30 peresenti pamwamba pa torque imene injini ikutulutsa tsopano. Kupitirira apo simupindula kanthu, mumangolemetsa phazi, foloko ndi thrust bearing, yomwe imaletsa crankshaft kusewera kutsogolo ndi kumbuyo. Giyabokosi ikadali pansi, yezani kusewera kwa crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo ndi dial gauge. Malire ake pa EJ ndi 0.25 mm. Mayina monga Stage 1 ndi Stage 2 alibe muyezo umodzi, kampani iliyonse imatchula mwayokha, choncho werengani nambala ya Nm. Exedy, yomwe imapanganso makilachi a kufakitale a galimoto zambiri za ku Japan, ndi ACT zimalemba manambalawa poyera.

Phokoso ndi makhalidwe a flywheel yopepuka

Flywheel ya kufakitale ya WRX imalemera makilogalamu 10 ndi pang'ono. Zopepuka zimakhala pakati pa 5 ndi 7. Injini imakwera ndi kutsika msanga, inde, koma kugunda kwa silinda iliyonse kumafika ku magiya osasalazidwa. Ndiye phokoso la timiyala lija: limamveka injini ikulira payokha mu nyutulo, limakula mukayatsa AC, limatha mukaponda pedulo. Silithyola kanthu, ndipo kutsitsa giyabokosi sikulithetsa. Lisiyanitseni ndi kulira kosalekeza kwa fyoo kumene kumayamba mukangoponda pedulo, komwe ndi release bearing, kapena kulira kumene kumabwera pedulo ili pansi penipeni muli mu giya, komwe kawirikawiri ndi pilot bearing.

Nyali ya check engine yokhala ndi P0301 mpaka P0304 imathanso kubwera mapulagi ndi makoyilo ali bwinobwino. Kompyuta imazindikira silinda yophonya poyeza kusinthasintha kwa liwiro la crankshaft, ndipo flywheel yopepuka kwambiri imainamiza. Zimakula ngati mwaikanso pule yopepuka kutsogolo kwa crankshaft. Bwezerani ya kufakitale. Pa galimoto ya mumsewu musatsike pansi pa makilogalamu 6 kapena 7, apo ayi izizima ponyamuka ndipo muzidya kilachi poikweza injini kuti isazime.

Chinthu chimodzi chokha musachite: kupereka flywheel ya kufakitale kwa a lathe kuti aichepetse. Chitsulo chake n'choumba, chikapyapyala chimasweka, ndipo chikaswekera pa 7,000 rpm zidutswa zimaboola giyabokosi pafupi ndi mapazi anu. Yopepuka igulidwe yopangidwa kale, ya chitsulo cha chromoly.

Magiya akathyoka, ndi kusamukira ku ya magiya 6

Giyabokosi ya magiya 5 imakhala nthawi yaitali kwa woyendetsa mosamala. Chimene chimaipha ndi kugunda: kukweza injini n'kusiya pedulo mwadzidzidzi, kapena kumenya giya yachiwiri ndi kilachi ya ceramic. Chikwama chake n'cha magawo awiri ogawika pakati, chimatamuka pang'ono chikapanikizidwa, mashafuti amatalikirana, mano n'kumalumana nsonga zokha mpaka kuthyoka. Potsitsa oyilo yang'anani maginito a pa pulagi. Phulusa lachitsulo losalala ndi labwinobwino. Tizidutswa tomveka pa chala ndi chenjezo.

Ya magiya 6 ya STi ndi yolimba kwambiri, koma siibwera yokha. Imafuna kilachi yokoka ndi flywheel yake (za STi ndi za 240 mm), foloko ndi slave cylinder zake, ndodo yosinthira magiya pamodzi ndi kawaya kotsekera rivesi, ndi pulopela shafuti yofupikirapo chifukwa giyabokosiyi ndi yaitali. Mashafuti a kutsogolo muwayerekezere musanamange, popeza ena amalowa m'kati mwa giyabokosi pomwe ena amavala pa tizitsulo totuluka kunja. Ndi bwino kugula zonse kuchokera m'galimoto imodzi, difu yakumbuyo ili pomwepo.

Difu ndiyo imapha ntchito zambiri zotere. Yakutsogolo ili m'kati mwa giyabokosi, yakumbuyo ili payokha, ndipo ziyenera kuzungulitsa matayala pa liwiro limodzi. Difu iliyonse ili ndi nambala yosonyeza kuti shafuti yolowa imazungulira kangati kuti matayala azungulire kamodzi, ndipo Subaru inagwiritsa ntchito manambala monga 3.545, 3.900, 4.111 ndi 4.444. Pali msampha wina: magiyabokosi ena ali ndi 3.900 kutsogolo koma amachepetsa ndi 1.1 popita kumbuyo, kotero amafuna difu ya 3.545, pomwe ena a 3.900 amafuna 3.900 yeniyeni. Nambala ya pa kachikwangwani ija ndiyo imakuuzani. Ya difu yakumbuyo musaikhulupirire pakamwa pa wogulitsa. Tsegulani chivundikiro muwerenge mano: 39 ndi 11 ndi 3.545, 39 ndi 10 ndi 3.900, 37 ndi 9 ndi 4.111, 40 ndi 9 ndi 4.444. Zikasiyana, difu yapakati imalimbana nazo mita iliyonse, imatentha, imapsa, ndipo galimoto imayamba kudumphadumpha pokhota pang'onopang'ono. Matayala osiyana kukula kapena kutha amachita zomwezo mwakachetechete, choncho onse anayi akhale amtundu umodzi ndi msinkhu umodzi.

Ngati giyabokosi yomwe mwagula ili ndi DCCD, difu yapakati yoyendetsedwa ndi magetsi, imafuna kabokosi koilamulira. Popanda iko galimoto iyenda, koma mphamvu yochuluka izipita kumbuyo popanda choimanga, ndipo pa msewu wonyowa kumbuyo kumathawa mosayembekezereka.

Oyilo akhale 75W-90 wa GL-5, malita 3.5 mu ya magiya 5, malita 4.1 mu ya magiya 6. Ena amathiramo GL-4 kuti magiya azilowa mofewa, koma oyilo yemweyo ndiye amasambitsa difu yakutsogolo, yomwe mano ake amafuna GL-5. Ngati magiya akulimba m'mawa kukazizira n'kumafewa mukayenda pang'ono, sinthani mtundu wa oyilo koma mukhalebe pa GL-5.

Mukamaliza kumanga, musanatuluke pa geti, lowetsani magiya onse injini itazima, kenaka ikulira. Pitani pabwalo, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto, yendani mozungulira pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri mukumvetsera ngati matayala akukwekwereza. Kenaka yendani makilomita 10 pa msewu wowongoka, imani, ikani dzanja pafupi ndi kumbuyo kwa giyabokosi ndi pa difu yakumbuyo. Kufunda n'kwabwino. Kukatentha moti simungayandikize dzanja, kapena mukamva fungo la oyilo wopsa, zimitsani pomwepo, masulani chivundikiro cha difu muwerengenso mano aja.